ZA CUMA CA PA KHOMO: Nkoloko ya pa Mkono Siibala Mwana

Akulu-akulu a m'Cigawo ca Kum'mawa akukumbukira bwino masiku amene amuna anali kupita ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ya ku Copperbelt kukafuna nchito. Mchona akabwera kumudzi patapita zaka, anthu anali kuyang'ana zinthu zitatu: njinga, sutikesi ndi nkoloko ya pa mkono, imene ena amati wochi. Nkolokoyo inali umboni wakuti munthuyo sanapite kukasewera. Inalinso ndi nchito ina imene siinali kuchulidwa pagulu. Caka ca njala cikafika, mwini wace anali kuibvula mwakacete-cete ndi kuisinthanitsa ndi mbuzi kapena madengu a cimanga. Cotero maganizo akuti nkoloko ndi cuma cosungika si acilendo m'midzi ai.

Cimene casintha ndi mtengo wa nkoloko zimene anyamata a masiku ano akuzilakalaka. Pa lamya zao za m'manja amaona zithunzi za anthu ochuka atabvala Rolex, Omega kapena Patek Philippe, ndipo amamva nkhani zakuti nkoloko zotere zimakwera mtengo caka ndi caka. Ena afika pokhulupirira kuti kugula nkoloko ya mtengo wapatali ndi njira yosungira ndalama yoposa banki ndi khola lomwe. Nkhani imeneyi yafika kale m'midzi, ndipo kumene yafika imautsa mkangano, pakuti ndalama zimene zimakambidwa kawiri-kawiri si za munthu mmodzi yekha.

Mnyamata wina wa ku dera la Katete, amene amayendetsa galimoto lalikulu la katundu pakati pa Lusaka ndi Johannesburg, anabwera kumudzi itatha nyengo yokolola ali ndi maganizo otere. Anali atasunga ndalama zaka zinai, koma zinali zosakwana. Cotero anapempha kuti ng'ombe ziwiri zolimira, zimene iye mwini anagulira mai ace, zigulitsidwe kuti aonjezere. Nkhani yogulitsa ng'ombe siingathe popanda malume, ndipo madzulo ena anakhala pansi pa mtengo wa mango kuti akambirane.

"Amalume, ndalama ya ku banki imasungunuka ngati mcere m'madzi, ndipo ng'ombe zimafa ndi nkhupakupa," anatero mnyamatayo. "Koma nkoloko iyi ndikaigula lero, patapita zaka ndingaigulitse pa mtengo woposa umene ndagulira."

"Ndamva, mphwanga," anayankha mkuluyo. "Koma tandiuza, nkolokoyo idzabala mwana? Nanga mwezi wa Febuluwale, nkhokwe itauma, adzaigula ndani m'mudzi muno?"

Mnyamatayo sanali kulankhula zopanda pace, ndipo ndi bwino kuti mbali yace imveke poyamba. Pamene kwacha inayamba kugwira nchito mu 1968, inali yamphamvu kuposa dola ya ku America. Pofika mu 2012 dola imodzi inali kugulidwa ndi ndalama zokwana K5,000, mwakuti pa 1 Januwale 2013 Bank of Zambia inacotsa mazilo atatu, K1,000 nikhala K1. Caka cimeneco dola inali pa K5 ndi ngwee zingapo, koma mu 2024 inapitirira K25. Munthu amene anakwirira ndalama m'cibekete mu 2013 anafukula mapepala omwewo, koma mphamvu yao yambiri inali itacoka. Za ng'ombe nazonso ndi zoona. Matenda a nkhupakupa atha makola ambiri kum'mawa, ndipo cilala ca 2024, cimene Boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu Febuluwale caka cimeneco, cinacititsa alimi ena kugulitsa ziweto zoonda pa mtengo wolira. Mtengo wa nkoloko za ku Switzerland umawerengedwa m'ndalama za kunja, cotero kwacha ikagwa nkolokoyo imaoneka ngati yakwera. Komatu njira imeneyi imabwereranso kumbuyo. Mu 2025 kwacha inayamba kulimba, ndipo amene anali ndi katundu wa madola anaona mtengo wace m'makwacha ukutsika iye ali khale.

Tsono mtengo weni-weni ndi wotani? Rolex yochipa kopambana, ya citsulo cokha-cokha yochedwa Oyster Perpetual, mu 2024 inali kugulidwa pafupi-fupi madola 6,000 m'sitolo yobvomerezeka. Pa mtengo wa dola wa caka cimeneco, zimenezi ndi ndalama zokwana K150,000 kapena kuposerapo. Caka comweco bungwe la Food Reserve Agency linali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K330. Mwana wa Giredi 7 angawerenge yekha: nkoloko imodzi ndi matumba oposa 450. Rolex yochedwa Submariner, imene anyamata ambiri amaifuna, inali yoposa madola 9,000, ndiko kunena pafupi-fupi matumba 700. Pamwamba pa izi, wogula kunja ayenera kukumbukira msonkho wa pa cipata polowa nayo m'dziko.

Munthu angadabwe kuti kanthu kolowa m'cikhatho kangadye bwanji cimanga ca mudzi wathunthu. Nkoloko za pa mkono zili mitundu iwiri. Ya batire ili ndi kamwala kakang'ono kochedwa quartz, kamene kamanjenjemera nthawi 32,768 pa sekondi imodzi mphamvu ya batire ikakadutsa, ndipo nkoloko yotere imasokera masekondi 15 kufikira 30 pa mwezi wathunthu. Ya makina ilibe batire. Imayenda ndi kacitsulo kopyapyala kokulungidwa ngati nkhata, kamene kamamasuka pang'ono-pang'ono nikazunguza timawilo ta mano. Zina mwini wace amazipukusa ndi zala m'mawa uli wonse, zina zimadzipukusa zokha mkono ukamayenda. Nkoloko zambiri za mtengo wapatali ndi za mtundu waciwiriwu. Bungwe la ku Switzerland loyesa nkoloko, la COSC, limapereka cikalata ca ulemu kwa nkoloko ya makina ngati siicedwa kuposa masekondi 4 kapena kufulumira kuposa masekondi 6 pa tsiku limodzi. Ndiye kuti Casio F-91W ya pulasitiki, imene inatuluka mu 1989 ndipo ikali kugulitsidwa, imasunga nthawi bwino kuposa nkoloko ya matumba mazana-mazana. Wogula nkoloko yodula sakulipirira nthawi ai. Akulipirira luso la amisiri, dzina la kampani, ndi ulemu umene anthu ena amapereka ku dzinalo.

Ulemu umenewo umasintha, ndipo unasinthapo kale koopsa. Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko ya ku Japan inayamba kugulitsa nkoloko yoyamba ya quartz ya pa mkono, yochedwa Astron, pa mayeni 450,000, mtengo wolingana ndi wa galimoto laling'ono masiku amenewo. Patapita zaka khumi zokha, nkoloko za batire zinali zitachipa kotero kuti zinadzaza misika ya dziko lonse lapansi. Ku Switzerland anchito opanga nkoloko anacepa kucokera pa 90,000 mu 1970 kufika pafupi-fupi 30,000 m'zaka za m'ma 1980, ndipo makampani mazana-mazana anatsekedwa. Amene anasunga nkoloko za makampani otsekedwawo anatsala ndi katundu wopanda zitsulo zokonzera ndiponso wopanda wogula. Mpaka lero m'matiranki a m'midzi muli nkoloko za agogo, zokongola ndithu, zimene palibe angapereke nkhuku ziwiri kuti azitenge.

Cinthu cimene ogulitsa sacedwa kucibisa ndi cakuti nkoloko zambiri, ngakhale za maina odziwika, zimataya mtengo tsiku lomwe zatuluka m'sitolo. Cifukwa cace ndi capafupi. M'mtengo wa m'sitolo muli phindu la mwini sitolo, lendi ya nyumba, malipiro a anchito, msonkho ndi ndalama zolengezera malonda. Wogula waciwiri salipira zimenezo. Si zacilendo kuti nkoloko ya Omega, Longines, TAG Heuer kapena Breitling itaye gawo limodzi mwa magawo anai, kapena limodzi mwa atatu, ikali yonyezimira ngati yatsopano. Nkoloko zolembedwa maina a makampani a zobvala ndi mafuta onunkhira ndiye zimataya pafupi-fupi zonse. Pa nkhani imeneyi nkoloko ifanana ndi galimoto latsopano. Siifanana ndi msoti, umene ukagulidwa lero patapita zaka ziwiri uli ndi thole pambali.

Zilipo zowerengeka zimene zasunga mtengo kwa zaka zambiri, ndipo ndizo zimene nkhani zonse za phindu zimanena. Ndizo Rolex za citsulo zonga Submariner ya 1953 ndi Daytona ya 1963, Nautilus ya Patek Philippe, ndi Royal Oak ya Audemars Piguet. Zimasunga mtengo cifukwa ofuna ndi ambiri kuposa nkoloko zimene zimapangidwa. Kampani ya Rolex, imene Hans Wilsdorf anaiyamba ku London mu 1905 asanaisamutsire ku Geneva, ili m'manja mwa bungwe limene iye anasiya, ndipo siithamangira kudzaza masitolo. Apa ndi pamene pali msampha wa wogula koyamba. Mlendo akalowa m'sitolo yobvomerezeka ku Johannesburg, Dubai kapena London ndi ndalama m'thumba, nafuna Daytona ya citsulo, kawiri-kawiri satuluka nayo tsiku lomwelo. Dzina lace limalembedwa pa mndandanda, nayembekeza miyezi kapena zaka, pamene mwini sitolo akuyamba wapatsa makasitomala ace akale amene anagulapo zinthu zambiri. Mlendo uja amaonetsedwa mitundu ina imene siisowa, ndipo yosasowa siikwera. Akaumirira pa yosowayo, amapita kwa amalonda ogulitsa nkoloko zogwirapo nchito, amene aikapo kale mtengo wokwera. Phindu lija anamva pa lamya limakhalapo ndithu, koma iye ndiye amalilipira, wina nalidya.

Ndipo ngakhale nkoloko zosowazi zinagwapo. Pa nthawi ya mliri wa COVID-19, anthu olemera a maiko a kunja anakhala m'nyumba ndi ndalama zosowa kogwiritsira nchito, ndipo ambiri anathamangira nkoloko. Nautilus ya citsulo ya nambala 5711, imene mtengo wace wa m'sitolo unali pafupi-fupi madola 35,000, inafika pogulitsidwa madola oposa 100,000 zitamveka mu 2021 kuti kampani ikuleka kuipanga. Mitengo inafika pacimake ca m'miyezi ya Malici ndi Epulo 2022, ndipo kucokera pamenepo inatsika kwa zaka zoposa ziwiri. Nkoloko zambiri zimene zinali kulimbiranidwa zinataya gawo limodzi mwa magawo atatu, zina kuposerapo. Amene anagula pa nsonga, maka-maka ogula ndi ngongole, anatsala akugwira pakamwa. Alimi amene anathamangira soya ataona mtengo wa 2022, nakumana ndi mtengo wogwa mu 2023, safunika kuwafotokozera zambiri za m'mene zotere zimapwetekera.

Nkhani imene imazunguza mitu ya anyamata kopambana ndi ya Daytona ya Paul Newman, munthu wochuka wa m'mafilimu a ku America, imene inagulidwa madola 17.8 miliyoni ku New York mu Okutobala 2017. Nkhaniyo ndi yoona. Koma ndalamazo zinalipirira mkono umene unaibvala ndi mau amene mkazi wace, Joanne Woodward, analembetsa kumbuyo kwace. Dalaivala wa ku Katete angabvale nkoloko yace zaka makumi atatu, mtengo wotere sudzabwera.

Kodi tsono munthu asagule konse? Ai, si tero. Munthu amene wakhetsa thukuta ali ndi ufulu wodzikondweretsa ndi cinthu cabwino, monga m'mene atate ace anacitira ndi njinga ndi wailesi. Nkoloko ya makina yosamalidwa bwino ingayende zaka makumi asanu ndi kupitirira, mwana naibvala, mdzukulu naibvalanso. Cofunika ndi cakuti ndalama zogulira zikhale zotsala, fataleza atagulidwa, ana atalipiriridwa zofunika kusukulu, ndipo zikhale ndalama zakuti zitacepa ndi gawo limodzi mwa atatu palibe angagone ndi njala. Ng'ombe zolimira sizili m'gulu la ndalama zotere.

Amene wafika pamenepo, nafuna nkoloko imene idzapeza wogula tsiku la bvuto, asankhe mtundu wodziwika umene wapangidwa zaka zambiri osasintha-sintha maonekedwe. Ikhale ya citsulo, ya nkhope yakuda, yoyera kapena yobiriwira ngati thambo, ya msinkhu wapakati, mamilimita 36 kufikira 41, pakuti yotere imakwana mikono ya anthu ambiri. Mitundu yodzionetsera, ya nkhope yofiira kapena yaikulu ngati cibvundikiro ca botolo la mafuta, imakondedwa caka cimodzi niiwalika. Nzeru ina ndiyo kugula yogwirapo nchito ya zaka ziwiri kufikira zisanu, pakuti mwini woyamba ndiye wasenza kale kugwa kwa mtengo. Pansi pa Rolex pali Tudor, kampani inanso ya Wilsdorf yemwe uja, imene Black Bay yace yatsopano inali pafupi-fupi madola 4,000 mu 2024. Palinso Omega Speedmaster, imene Buzz Aldrin anaibvala pa mwezi mu Julai 1969 ndipo cifukwa ca mbiri imeneyi siisowa oifuna. Kwa wa thumba locepa pali Seiko 5, mtundu umene unayamba mu 1963 ndipo akulu ambiri amaudziwa. Umagulidwa madola mazana owerengeka. Sukwera mtengo, koma wotayapo amataya zocepa.

Za golide munthu acenjere. Golide weni-weni wa pa nkoloko zodula amadindidwa nambala 750, kusonyeza kuti pa magawo 1,000 a citsuloco, 750 ndi golide. Nkoloko yongopakidwa golide pamwamba imasupuka ndi thukuta ndipo ilibe mtengo wa golide. Miyala ya daimondi yoikidwa pambuyo pace ndi mmisiri wa m'tauni imatsitsa mtengo m'malo moukweza, cifukwa kampani yopanga imakana kukonza nkoloko imene yasinthidwa cotero, ndipo ogula odziwa amaithawa.

Ng'ombe yopanda kalata ya mfumu, ya apolisi ndi ya dokotala wa ziweto siiyenda mtunda wautali pa mseu. Nkoloko nayonso ili ndi makalata ace. Pali bokosi, lisiti, ndi khadi la citsimikizo lolembedwa nambala ya nkolokoyo ndi tsiku limene inagulidwa. Rolex imapereka citsimikizo ca zaka zisanu kuyambira mu 2015. Nambala ya pa khadi iyenera kufanana ndi imene inazokotedwa pa nkoloko. Pa Rolex za masiku ano nambalayi ili m'mphepete mwa m'kati, pansi pa galasi, pafupi ndi 6 koloko, ndipo pa zakale ili pa thupi la nkoloko pamene lamba amalumikizira. Tizidutswa ta lamba wa citsulo timene timacotsedwa kuti nkoloko ikwane mkono tisatayidwe, pakuti wogula wa mawa angakhale wa mkono waukulu. Nkoloko yopanda zonsezi imagulika pa mtengo wotsika, ndipo amalonda ena amaikana. Ku London kuli bungwe lochedwa The Watch Register limene limasunga manambala a nkoloko zobedwa ndi zotayika, ndipo amalonda akulu-akulu amayamba afunsa kumeneko asanagule. Munthu angagule nkoloko mosadziwa kanthu, tsiku logulitsa namva kuti ndi yakuba, nataya nkoloko ndi ndalama zomwe.

Coopsa coposa ndi nkoloko zonama. Mu 2023 dziko la Switzerland linatumiza kunja nkoloko pafupi-fupi 17 miliyoni, koma zonama zolembedwa maina omwewo zimapangidwa zambiri kuposa pamenepa. Kale zinali kudziwika msanga: zinali zopepuka, zilembo zinali zokhota, ndipo muvi wa masekondi unali kudumpha-dumpha m'malo moyenda mosalala. Anthu anali kuyang'ananso kagalasi kotukuka ka pamwamba pa tsiku la mwezi, kamene pa Rolex yeni-yeni kamakulitsa nambala kawiri ndi theka. Masiku ano onyenga anaphunzira zonsezi. Amapanga zolemera bwino, bokosi ndi khadi lomwe, kotero kuti mmisiri amayenera kutsegula kumbuyo kuti adziwe. Akale anati cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu wofika pa malo oimikira magalimoto a katundu, nanong'ona kuti ali ndi Rolex ya hafu ya mtengo cifukwa ali pa bvuto la msanga, akugulitsa yonama kapena yakuba. Palibe amene amataya matumba 200 a cimanga cifukwa cokonda mlendo. Wofuna yogwirapo nchito apite ku sitolo ya nyumba yodziwika, yopereka lisiti ndi citsimikizo colembedwa. Kuyambira mu Disembala 2022 Rolex yomwe inayamba kugulitsa nkoloko zace zogwirapo nchito kupyolera m'masitolo ena obvomerezeka, ndi citsimikizo ca zaka ziwiri, ngakhale mtengo wace umakhala wokwererapo.

Ng'ombe imafuna dibi ndi mbusa, ndipo nkoloko ya makina nayonso imadya. Timawilo tace timayenda pa mafuta ocepa kwambiri, amene amauma pakupita kwa nthawi. Pakati pa zaka 5 ndi 10 imafunika kumasulidwa yonse, kutsukidwa, kuthiridwa mafuta atsopano ndi kusinthidwa timphira totseka madzi. Nchito imeneyi imadya madola mazana angapo, nthawi zina kufika 1,000. Mmisiri wa pa msika amene amasintha mabatire ndi malamba ndi wothandiza pa nchito yace, koma zitsulo zeni-zeni za makampani amenewa sizigulitsidwa kwa aliyense, ndipo citsulo cacilendo cikalowamo mtengo umagwa. Cotero nkolokoyo iyenera kupita ku mzinda waukulu, mwina kunja kwa dziko, nikakhala kumeneko masabata angapo. Palinso cina cimene ambiri sacidziwa: kupukuta nkoloko ndi makina kuti zokanda zicoke kumadya citsulo ndi kufafaniza ngodya zace, ndipo ogula odziwa amakonda ya tizipsera kuposa yopukutidwa mopitirira. Nanga pa mudzi? Kugunda kwa khasu ndi nkhwangwa, pfumbi la pa mseu ndi maginito a m'masipika a wailesi zonse ndi adani a timawilo tija. Nkoloko yotere imaitananso maso, ndipo si maso onse amene ali abwino.

Funso laciwiri la malume lija ndilo lolemera kopambana. Ng'ombe ili ndi msika pafupi: pali wa buchala, pali mnansi wofuna yolimira, pali banja lofuna ya pa mwambo, ndipo aliyense amadziwa kuyesa mtengo wace ndi maso. Nkoloko ya K150,000 ogula ace ali kutali, ndipo ndi ocepa. Mtengo umene munthu amaona pa intaneti ndi umene wamalonda akupempha. Umene wamalondayo amalipira pogula ndi wotsikirapo, pakuti nayenso afuna phindu, ndiponso amacotserapo za kukonza. Wogulitsa ali pa cangu, mwana ali m'cipatala, alibe mphamvu yokana mtengo umene wapatsidwa. Pamwamba pace pali ndalama za ulendo. Ndipo nkoloko siigawika. Wa ng'ombe zisanu ndi imodzi angagulitse imodzi natsala ndi zisanu, koma wa nkoloko akafuna K10,000 ayenera kugulitsa yonse.

Pa maliro napo pamafunika kuganizirapo. Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira osasiya wilo limati zinthu zimene munthu anali kubvala ndi kudzikongoletsera zikhale za mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Koma khola limaonedwa ndi mudzi wonse, pamene nkoloko imalowa m'thumba la jekete la mbale wina mtembo usanaikidwe. Mkazi wamasiye amene sanauzidwe mtengo wace angaipereke ngati cikumbutso wamba. Mwini nkoloko yotere ayenera kuuza a m'nyumba mwace mtengo wace, kulemba nambala yace pa pepala, ndi kuichula mu wilo.

Ku Katete kuja ng'ombe sizinagulitsidwe. Mai a mnyamatayo ndiwo anatseka nkhani, ponena kuti iwo sadzabwerera ku khasu la m'manja pa ukalamba wao. Mnyamatayo anacoka wosakondwa kweni-kweni, koma sanaleke maganizo ace. Pa ulendo wina wa ku Johannesburg analowa m'sitolo ya nkoloko zogwirapo nchito, nasankha Tudor ya citsulo ya nkhope yakuda, ya zaka zitatu, ndi ndalama zace zokha. Anapempha kuti nambala ya pa khadi ayerekeze ndi ya pa nkoloko iye akuona, ndipo mwini sitolo anabvomera. Bokosi, lisiti, khadi ndi tizidutswa tiwiri ta lamba anazikulunga m'pulasitiki nazipereka kwa mai ace, amene anaziika m'tiranki pamodzi ndi ziphaso za banja. Pa mseu amabvalabe Casio yace yakale, cifukwa ca malo ena amene amagona. Tudor amaibvala pa Sondo ndi pa maukwati. Malume anaitembenuza-tembenuza m'manja nthawi yaitali, naiika pa khutu kuti amve kugunda kwace, nafunsa kuti idzafuna liti mafuta. Atamva mtengo wa mafutawo anaibweza, napita kukatsekera ng'ombe.